Masamba 24, osati 32

Lolemba m'mawa ndinapeza kapepala patebulo langa: nyuzi ya mawa ikhala ya masamba 24, osati 32. Sindinafunse chifukwa. Ntchito yanga ndi yoyala nkhani pamasamba, kuzidula, kuzipatsa mitu, ndi kutseka tsamba lililonse nthawi yake isanakwane, koma chiwerengero cha masambawo sichichokera kwa ife. Chimachokera kuchipinda cha anzathu ogulitsa malo otsatsira malonda. Akagulitsa bwino nyuzi imanenepa, akagwa nayo imaonda. Ndipo siionda ndi tsamba limodzi, chifukwa pepala limodzi likapindidwa limatulutsa masamba anayi. Ukamachotsa umachotsa anayi anayi.

Nkhani ziwiri zinagona panja tsiku limenelo, yachitatu ndinaidula pakati. Mwini wake, mtsikana amene wangotha chaka pantchito, anabwera nkhope ili gwaa.

"Amkonzi, nkhani ija ndinaivutikira masiku atatu."

"Pa intaneti ituluka yonse, achemwali, ngakhale mzere umodzi sitichotsa."

Anangoti chabwino, koma chabwino wake wosachokera mumtima. Ameneyu sindinamuonepo akuwerenga nyuzi ya pepala, zonse amaonera pafoni. Komabe dzina lake amalifuna papepala.

Masamba amene anayamba kufota kalekale ndi a timalonda ting'onoting'ono: nyumba ya lendi, galimoto yogulitsa, ntchito yapezeka. Timeneti ndi timene tinkadyetsa manyuzipepala mwakachetechete. Ku America tinathawira ku Craigslist, tsamba la pa intaneti lotsatsirapo malonda limene linayamba mu 1995, ndipo kwina konse tinatsata Facebook ndi WhatsApp. Munthu wogulitsa njinga angalipirirenji mizere itatu pamene akhoza kuijambula n'kuitumiza ulele?

Lachiwiri nkhani yathu yaikulu inafa tisanaisindikize. Pofika 4 koloko madzulo inali itazungulira kale m'mafoni, ndiye tinaitembenuza: m'malo mouza anthu chimene chachitika, tinafunsa chifukwa chake chachitika ndi amene chiwapweteke. Masiku ano tsamba loyamba timalilemba choncho kawirikawiri.

Lachitatu ndiye linali tsiku langa loipa. Foni inalira ndisanakhale n'komwe pansi. Pansi pa chithunzi cha patsamba lachitatu tinalemba dzina la munthu wina, mwini nkhope ali wina. Ndine ndinatseka tsambalo, ndipo ndikukumbuka kuti ndinawerenga mawu a pansi pa chithunzicho kawiri, koma ndinkayang'ana kalembedwe, osati nkhope. Pa intaneti mnyamata wathu anakonza ndisanamalize kupepesa pafoni. Za papepala zinali zitapita, zili m'manja mwa anthu, m'maofesi, m'malaibulale mmene zidzasungidwe zaka zambiri ndi dzina lolakwikalo. Chimene tikanatha n'kulemba kabokosi kopepesa patsamba lachiwiri la tsiku lotsatira, ndipo ndinakalemba ndekha.

Ndakhala ndikuganiza za kabokosi kameneka sabata yonse. N'kochititsa manyazi, koma ndi kamene kamatiopsa kuti tiziwerenga kachitatu. Mantha a pepala ndi amene anandiphunzitsa ntchito. Anzathu a pa intaneti si aulesi ayi, amathamanga kuposa ife, koma munthu amene akudziwa kuti akhoza kufufuta saimika dzanja ngati amene akudziwa kuti sangathe. Pepala likadzatha, chimene ndikuda nacho nkhawa si fungo la inki limene anthu amakonda kulitchula. Ndi ola lija lotsekera, pamene wina amayenera kunena kuti izi ndaziona, zipite.

Lachinayi kunali msonkhano ndi akuluakulu. Nkhani yake inali yoti tizisindikiza masiku ochepa pasabata. Bwana wina anabwera ndi chitsanzo chimene aliyense amabwera nacho, New York Times: inayamba kulipiritsa owerenga pa intaneti mu 2011, ndipo pofika 2023 olembetsa anali atapitirira 10 miliyoni. N'zoona. Koma imeneyo imagulitsa dziko lonse lapansi m'Chingerezi, ndipo ambiri amailipira chifukwa cha maphikidwe ndi masewera, mpaka inagula sewero la mawu lotchedwa Wordle mu 2022. Nyuzi ya mzinda umodzi kapena ya chilankhulo chimodzi ilibe msika wotero.

Zitsanzo zina zinatuluka. The Independent ya ku London inasiya pepala mu Malichi 2016 ndipo ikadalipo pa intaneti. Wiener Zeitung ya ku Vienna, imene inayamba mu 1703, inasindikiza kope lake lomaliza la tsiku ndi tsiku pa 30 Juni 2023, lamulo litasintha n'kuichotsera ndalama za zidziwitso zimene makampani ankakakamizidwa kusindikizamo. Newsweek inasiya kumapeto kwa 2012, n'kubwereranso papepala mu 2014. Aliyense anatola chitsanzo chogwirizana ndi zimene anabwera ataganiza kale. Ine ndinangokumbutsa za ku Canada, kumene mu Ogasiti 2023 kampani ya Meta inatseka nkhani pa Facebook ndi Instagram pokana lamulo loti izilipira ofalitsa nkhani. Owerenga athu ambiri a pa intaneti amatipeza kudzera pakhomo la eni, ndipo mwini khomo akhoza kutseka tsiku lililonse osatiuza. Msonkhano unatha popanda chomanga.

Lachisanu usiku ndinatsikira kumakina osindikizira, monga ndimachitira ndikakhala ndi tsamba la mitundu limene ndikulikayikira. Tsamba lotero limafuna mapuleti anayi a aluminiyamu, lililonse la inki yake: yobiriwira ngati thambo, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Zikapanda kugwirizana ngakhale pang'ono, munthu wa pachithunzi amatuluka ndi maso anayi. Bambo amene amayendetsa makinawo, amene anayamba ntchito ine ndili kusukulu, anatsomphola kope limodzi makina akuthamanga, n'kuliyala pathabwa, n'kuliyang'ana ndi kagalasi kokulitsa. Anapukusa mutu, anakhudza mabatani awiri, anatsompholanso lina. Makope onse oyambirira aja, inki isanakhazikike, amapita kudzala.

"Mwamva za msonkhano wa dzulo, bambo?" ndinakuwa, poti phokoso lake simumvana.

"Ndamva. Koma makinawa sadziwa kuti owerenga achepa. Mapuleti ndi omwewo, magetsi ndi omwewo."

Apo ndiye pagona vuto lonse. Kope loyamba ndi limene limadya ndalama, enawo amangogawana mtengo wake. Osindikizidwa akachepa, lililonse limalemera. Galimoto yonyamula mitolo imayenda mtunda womwewo, kaya yadzaza kaya ili theka, ndipo ukadula njira imodzi kuti upulumutse mafuta, owerenga a kumeneko amazolowera kukhala opanda nyuzi, sabweranso.

Loweruka ndinadutsa kuseri kumene amaunjika makope obwerera osagulidwa. Mtolo wapamwamba unali wa Lachitatu, chithunzi chija chili poyera ndi dzina lake lolakwika. Ndinautembenuza. Nditakwera ku ofesi ndinapeza uthenga wa bambo wina wachikulire amene anaimba kawiri, kufunsa chifukwa chake sabata ino tachotsa kasewero kodzaza mawu m'timabokosi. Kanali pa limodzi la masamba asanu ndi atatu aja. Ndinatsegula ndondomeko ya masamba a Lolemba, n'kuyamba kufufuza nkhani yoti ndiidule kuti kabwerere.