Drone pansi pa malata

Sabata ino ntchito zanga zambiri zojambula ndi drone, kandege kakang'ono koulutsa ndi rimoti, zinali za m'kati mwa nyumba, ndipo aliyense amafunsa zofanana: ngati drone ikuuluka pansi pa denga, laisensi ndi yachiyani?

Lolemba ndinali ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu, m'nyumba yaikulu yosungiramo chimanga. Eni ake amafuna zithunzi za zitsulo zakudenga zomwe zayamba dzimbiri, osakweza munthu pamakwerero. Atamva mtengo, abwanawo anati: "Achimwene, mwana wa mlongo wanga ali nayo yake, akanatijambulira ulere. M'nyumba muno simudutsa ndege." Sanalakwitse kwenikweni. Ku America, malamulo a bungwe loona za ndege la FAA otchedwa Part 107, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2016, sakhudza kuulutsa drone m'nyumba. Ku Britain n'chimodzimodzi, bola pasakhale mpata woti ithawire panja.

Mpatawo ndiye vuto. Chitseko cha pamenepo chimakhala chosatseka tsiku lonse, malole akulowa ndi kutuluka, pomwe bwalo la ndege la Mzuzu lili mumzinda momwemo. Drone ikangodutsa pachitseko, nkhani yasanduka ya a Civil Aviation, oyang'anira za ndege m'dziko muno. N'chifukwa chake mapepala anga sindiwasiya kunyumba.

Komanso m'nyumba ndi momwe luso limaonekera. Pansi pa malata GPS, yomwe imauza drone pomwe ili, imasowa, zitsulo zimasokoneza kampasi, ndiye drone imadalira timakamera tapamimba pake toyang'ana pansi. Timeneti timafuna kuwala. Pakona pamdima, mapulopela atautsa fumbi la chimanga, inayamba kutsetsereka yokha kulunjika kumatumba, ndikuibweza ndi zala basi. Ndisanainyamutse ndimasinthanso lamulo loti ikasiya kumvana ndi rimoti ibwerere pomwe inanyamukira, poti imayamba yakwera m'mwamba, ndipo m'mwambamo muli denga.

Pakati pa sabata kunali mawawa ndi chisanu chathu chija. Ndinakhala pakompyuta kusanja zithunzi.

Loweruka kunali ukwati muholo ina ku Katoto. Ankhoswe anapempha kuti ndiulutse pamwamba pa anthu nthawi ya perekaniperekani. Ndinakana mwaulemu. Mapulopela amacheka ngakhale utawaveka zotchingira, ndipo ana amathamangira pomwe pali phokoso. Wina atavulala, wolipira kuchipatala ndine. Chomwe chinawagonjetsa ankhoswewo n'china: mphepo yake ikanamwaza ndalama zonse za m'lichero. Holoyo ndinaijambula m'mawa alendo asanafike, zotsalazo ndi kamera yapamanja.