Gule akatha amasungidwa kuti?

Teremu ino m'kalasi ya mbiri ya zovina tafika pa Vaslav Nijinsky, katswiri wovina ndi kupeka magule a ballet, ndipo chimene chandigwira mtima si luso lake lodumpha koma mmene gule wake anasowera.

Pa 29 Meyi 1913 ku Paris, gulu la Ballets Russes la Sergei Diaghilev linaonetsa The Rite of Spring, nyimbo ya Igor Stravinsky, kavinidwe ka Nijinsky. Anthu anazolowera ballet ya mapazi olozera kunja ndi matupi opepuka ngati nthenga. Tsikulo anaona ovina atapindira mapazi mkati, akudinda pansi mwamphamvu. Mu holo munabuka chiphokoso mpaka ovina osamvanso oimba, Nijinsky n'kukwera pampando kuseri kwa siteji kumawawerengera mokuwa. Atauvina kangapo, anausiya. Nyimbo inatsala papepala, masitepe anapita ndi eni ake.

Mu 1987 Millicent Hodson ndi Kenneth Archer anautoleranso kuti gulu la ku America la Joffrey Ballet liuvine, pogwiritsa ntchito zithunzi, zojambula ndi zimene Marie Rambert, yemwe ankathandiza Nijinsky pokonza guleyo, analemba papepala la nyimboyo. Ntchito yotamandika ndithu, komabe ine ndili kumbali ya okayika. Chithunzi chimakuonetsa pamene mkono unafika, osati mmene unafikira pamenepo.

Marius Petipa, wopeka magule a ballet ku Russia, anachita mwayi: magule ake analembedwa m'zizindikiro za Stepanov, njira yolembera masitepe papepala, ndipo mapepalawo lero ali ku Harvard.

Ntchito ya Pina Bausch, wopeka magule wa ku Germany, ndiyo yandiphunzitsa zambiri. Mu 1975 ku Wuppertal anapanga kavinidwe kake pa nyimbo yomweyo, siteji yonse atathira dothi. Mukamaonera vidiyo yake, dothilo limamatirira pa thukuta la ovina, zovala n'kuda, ndipo nyimbo ikatsika mumamva akupuma mwawefuwefu. Zimenezi mungazilembe bwanji papepala? Iye anamwalira mu 2009, koma amene anavina naye anapita ku École des Sables, sukulu ya Germaine Acogny ku Senegal, kukaphunzitsa ovina a m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa, thupi kuphunzitsa thupi linzake. Covid itawaimitsa mu 2020 anauvinira pamchenga wa kunyanja ku Toubab Dialaw, komwe kuli sukuluyo, ndipo pasiteji anafika mu 2021.

Nkhani yanga ya mayeso ndilemba yoyerekeza njira ya Hodson ndi ya ku Senegal, ndipo aphunzitsi ndawauziratu mbali imene ndaima.