Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ku Bwandilo m'chaka cha zigubu

Amene munali mu Lilongwe mu 2011 mukukumbuka mmene zinthu zinalili. Mafuta a galimoto kulibe, ndalama zakunja kulibe, anthu akugona m'magalimoto pamizere, aliyense ndi chigubu chake. Pa 20 July kunachitika zionetsero, ena anataya miyoyo. Ine ndinali nditangoyamba kumene ntchito pa shopu ina ya zipangizo zomangira ku Old Town, ndikuchita lendi kachipinda ku Area 25.

Loweruka lina chakumapeto kwa chakacho mnzanga wa kuntchito anandikokera ku Bwandilo, ku Area 47. Malo aja usiku amakhala ndi moyo wawowawo. Bala iyi ikuliza Ma Blacks, inayo rhumba, utsi wa kanyenya uli tolo, anyamata a mazira owiritsa akuzungulira matebulo. Tinagula Green aliyense yake n'kuima panja.

Ndinaona mtsikana wina ali pa wootcha nyama, wamanga chitenje pamwamba pa jinzi, akukangana ndi mnyamata wa kanyenyayo. Sankaseka ayi, ankaloza ndi chala tinthuli timene anamudulira. Mnzanga uja anaona kumene maso anga apita.

"Aise, usavutike. Tumiza botolo kudzera kwa weita, akakuyang'ana ukweze dzanja basi."

Njira imeneyo ine sindinaikondepo. Mtsikana akapezeka ku Bwandilo usiku, anthu amakhala atamuweruza kale, ndiye ukamutumizira botolo osamulankhula n'komwe, wamuuza kuti nawenso wamuika m'gulu lomwelo. Zoti "asisi, ngati ndinakuonanipo penapake" nazonso zinatha ntchito kalekale, ngakhale ana a sekondale anazisiya. Ndinangonyamuka kukagula nyama, mtima ukugunda, m'thumba muli ya minibasi ya mawa ndi kachenji pang'ono.

"Pepani achemwali, tsabolayo ndi wa kambuzi?"

Anandiyang'ana kuchokera ku nsapato. "Lawani nokha achimwene, ine si mwini nyama." Kenaka anatsitsa mawu: "Koma musagule apa. Akudula ngati ndiwo za pamaliro."

Ndinaseka mpaka mnyamata wa kanyenya anakwiya. Ndinagulabe, n'kumusunthira mbale kuti atengeko. Anatenga kamodzi kokha, kakang'ono kwambiri, n'kuviika mumchere.

Apa m'pamene ndinamva kuti iyeyo sanabwerere zachisangalalo. Galimoto ya msuweni wake inali pamzere wa mafuta chapafupi kuyambira m'mawa, ndipo kunamveka mphekesera yoti thanki ifika usiku womwewo. Masiku amenewo mphekesera yotere inkayenda pafoni kuposa uthenga wa maliro. Msuweniyo anatsala m'galimoto kuopa kulandidwa malo, iye n'kutumidwa kukasaka chakudya. Ankakhala ku Area 18, ankaphunzira zosoka, ndipo anandiuza mosabisa kuti malo a mowa amadana nawo.

"Nanga inu mumabwera kuno Loweruka lililonse?"

Funso limeneli linali mayeso, ndinadziwa. Ndinayankha zoona, kuti ndimabwera mwezi ukatha, ndalama ikakhalapo. Anagwedeza mutu, osaonetsa ngati ndakhoza kapena ndalakwa.

Ndinapempha kuti ndimuperekeze kumzereko popeza kunali mdima. Anati, "Mseu si wanga." Kwa amene simudziwa, kumeneko ndi kulola. Botolo langa ndinamusiyira mnzanga lisanafike ndi pakati pomwe.

Msuweni uja anandilandira ndi nkhope yolimba. "Awa ndi ndani?" Iye anati, "Andithandiza kunyamula nyama." Nyama yake yokwana m'kajumbo kamodzi! Tinakhala pa boneti, msuweni ali m'kati galasi lotsitsa kuti azimva zonse. Pamzere paja panali mudzi wathunthu: ena akusewera bawo pansi pa nyali ya foni, ena akutukwana boma, mayi wina akugulitsa tiyi wa mufulasiki. Tinakamba za kwawo ku Ntcheu, za mbatata ya kachewere ya pa Tsangano, za mayi anga, za mtengo wa shuga. Zachikondi sindinatchule ngakhale liwu limodzi, ndipo mpaka m'bandakucha tinkatchulana kuti "inu".

Thanki sinabwere. Kutayamba kuyera ndinalimba mtima n'kupempha nambala.

"Yanga ayi. Nenani yanu, ndikafuna ndikufulashani."

Ndinaitchula pang'onopang'ono, iye akulemba mu ka Nokia kake komanga ndi labala. Sindinaone ngati anaisungadi. Ndinayenda wapansi kukafuna minibasi, nazonso zinali zosowa ndipo mtengo anali atakweza.

Lachitatu masana, ndikuwerengera kasitomala malata, foni inalira kamodzi n'kuduka. Nambala yachilendo. Mayunitsi ndinalibe, ndipo abwana anali ataima pakhomo. Zimene ndinachita kuti ndituluke mushopumo, ndi mawu amene anayankha foniyo, omwe sanali ake, ndikuuzani m'gawo 10.