Buku langa limagulidwa mtedza ukatuluka m'munda

Anzanga amene ali ndi zolemba m'makope ndi m'mafoni amakonda kundifunsa za tsiku lokhazikitsa buku: holo yake iti, mlendo wolemekezeka akhale ndani, oimba aitanidwe kapena ayi. Ndimawayankha ndithu, koma mtima wanga sukhala pamenepo. Mwambo uja ndi wa masana amodzi. Mlendo wolemekezeka amagula buku limodzi pamtengo wokwera, anthu n'kuwomba m'manja, ena n'kulonjeza kuti adzatumiza kangachepe. Zimathandiza kubweza ngongole ya kosindikiza, sindikana. Koma kukacha makatoni amakhala adakali pabalaza, ndipo munthu amene munkamuganizira polemba uja sanalione n'komwe bukulo.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mchinji, chakufupi ndi Kamwendo. Buku langa ndi la nkhani zazifupi za m'Chichewa, zambiri zokhudza moyo wa m'malire muno: akabaza a pa Mwami, maukwati a mbali ziwiri za malire, anyamata opita kukagwira ntchito m'minda ya fodya. Ndinasindikiza ndi ndalama zanga.

Za mapepala a boma sizovuta monga anthu amaopera. Buku limafunika nambala yolizindikiritsa, yotchedwa ISBN. Zoteteza umwini wa zolemba ndi za COSOMA, ndipo lamulo limene likugwira ntchito pano ndi la 2016. Buku likatuluka, lina limayenera kupita ku National Archives ku Zomba kuti likasungidwe. Chimene ndingakupempheni kuti musaumire nacho ndalama ndi munthu wokonza chilankhulo. Tonsefe timayankhula Chichewa, koma kalembedwe kake kali ndi malamulo, ndipo aphunzitsi a ku sekondale akaona zolakwika patsamba loyamba salitsegulanso lachiwiri.

Chovuta chenicheni ndi mtengo. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa osindikiza amakweza nthawi yomweyo. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene ankasonkhanitsa ndalama zosindikizira buku anaona kuti zimene anasunga sizikukwaniranso. Ukasindikiza ochepa, buku lililonse limadula. Ukasindikiza ambiri, ndalama zako zonse zimagona m'makatoni. Ukawasiya m'sitolo ya mabuku ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera pa boma pano, eni sitolo amatengapo gawo lawo, iwe n'kudzalandira mabukuwo akagulidwa.

Nanga wogula ndani, ndipo amakhala ndi ndalama liti? Funso limeneli anandiyankha ndi bambo wina wachikulire, kholo la mwana wa m'kalasi mwanga. Analitenga bukulo, n'kuwerenga kuchikuto pang'onopang'ono, kenaka anati, "Aphunzitsi, bukuli ndalifuna, koma ino ndi February. Dikirani tikumbe kaye mtedza." Anabweradi mtedza atagulitsa, n'kugula awiri, lina la mlamu wawo wa ku Kapiri.

Kuno ndalama ili ndi nyengo yake. Kuyambira January mpaka March m'nkhokwe mumakhala mopanda kanthu, ya feteleza inapita kale, fizi ya teremu yachiwiri ikudikira. Kumuonetsa munthu buku nthawi imeneyo n'kumuchititsa manyazi chabe. Koma kuyambira May mpaka August soya, mtedza ndi fodya zikagulitsidwa, pamsika pamadzadza. Anthu amagula malata, njinga, zitenje, ndipo wina amatsala ndi kochepa koti n'kugulira buku ngati bukulo lili pamaso pake. Likakhala ku Lilongwe sangalilondole.

Nchifukwa chake masiku a msika ndimanyamula ochepa m'chikwama. Sindiima n'kumafuula ngati wogulitsa kaunjika, ayi. Ndimakhala pakhonde pa golosale ya mnzanga, n'kuyamba kuwerenga nkhani imodzi mokweza. Anthu athu amakonda kumvetsera nkhani, ngakhale amene kuwerenga kumawavuta. Ndikafika pamene nkhani yakoma ndimatseka bukulo. Wina amaseka n'kunena kuti, "Amayi, musatero, malizani!" Pamenepo mpamene malonda amayambira. Chimodzimodzinso m'magulu a banki m'khonde: amayi amasonkherana n'kugula limodzi, lizizungulira nyumba ndi nyumba. Ena amati kutero ndikuluza. Ine mtima wanga umakhala m'malo, chifukwa buku lodetsedwa ndi manja ambiri ndiye lawerengedwa.

Wailesi nayo musaipeputse. Ya Mudzi Wathu imamveka m'midzi momwe nyuzipepala sifika, ndipo munthu akamva mawu a mlembi wakwawo amaimba foni. Amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ine n'kupatsira kondakitala wa minibasi yopita ku Mkanda.

Pali msika winanso umene alembi a m'tauni saukumbukira. Kutsidya kwa Mwami kuli Chipata, ndipo chigawo chakum'mawa cha Zambia ana amaphunzira Chinyanja kusukulu. Chaka chilichonse mu August Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Anthu onsewo amamva zimene timalemba popanda womasulira.

Zimene zimandipweteka ndi uthenga woti, "Titumizireni PDF pa WhatsApp." Amene amatero sakhala ndi mtima woipa, sadziwa chabe kuti likangolowa m'gulu limodzi, sabata isanathe lili m'mafoni onse, ine ndidakali ndi ngongole. Ndimawatumizira nkhani imodzi yaulere, yathunthu, ndi nambala yanga pansi pake. Lonselo ndimakana mwaulemu.

Ambiri amalakalaka kuti buku lawo lidzavomerezedwe ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, liziphunzitsidwa m'sukulu. Nanenso ndimalakalaka, koma mabuku osankhidwa amakhala ochepa, ndipo silabasi sisintha chaka ndi chaka. Sindingakhale pansi kudikira zimenezo. Buku lachiwiri lili kwa wokonza chilankhulo panopa. Ndagwirizana ndi osindikiza kuti alimalize mu April, kuti ogula mbewu akamapachika masikelo awo pa Kamwendo ndi pa Waliranji, makatoni akhale atafika kale kunyumba.