Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chifukwa chake ndinakana kachasu pa chiliza cha achimwene

Zikomo nonse amene munandilembera gawo lapita lija litatuluka, makamaka inu mayi a ku Thondwe amene mukudwazika amuna anu. Ambiri mwafunsa kuti, poti ine ndi achimwene tonse anatipeza ndi hepatitis C, zinatheka bwanji iwo kupita ine n'kutsala?

Adokotala anatiuza tili limodzi. Kachilomboka kamadya chiwindi mwakachetechete, ndipo mwa anthu 100 amene kawakhazikika m'thupi, 15 mpaka 30 chiwindi chimauma ndi zipsera m'zaka 20. Koma pali zokafulumizitsa: mowa, HIV, hepatitis B, shuga, kunenepa kwambiri, likodzo la m'matumbo. Amuna chimawathera msanga kuposa akazi. Anatichenjezanso za chuku cha mtedza ndi chimanga, chimene chimabweretsa khansa ya chiwindi.

Achimwene anamva zonsezi chete, chipewa chili pabondo. Munthu anakulira m'madzi a Chilwa, kusodza ku Kachulu, likodzo osalilabadira. Madzulo, kachasu. Ndinawagwadira, ndithu kugwada: "Achimwene, siyani botolo, ana akadali aang'ono." Ankasiya, anzawo n'kuwakokanso.

Zaka zinadutsa choncho.

Chimene sindiiwala ndi mwezi womaliza. Maso achikasu, miyendo yotupa, mimba itadzaza madzi moti malaya osamangika. Munthu amene ankanyamula thumba la matemba yekha ankalephera kukweza kapu. Ndinkawamwetsa phala ndi supuni, iwo n'kumanditchula dzina la malemu amayi, mutu utasokonezeka ndi poizoni amene chiwindi chinaleka kusefa. Usiku umene anasanza magazi ndinawagwira mutu mpaka kunja kunayera. Alamu anali pakhomo, kulira osatulutsa mawu.

Tsono inu akuchimuna amene mumanena kuti ndinanyoza mwambo pokana kachasu pa chiliza, ndikudziwa mumawerenga. Ndinu omwe munkati awalodza, n'kumabwera ndi mabotolo a zitsamba zosadziwika, chiwindi chili chotopa kale. Thobwa ndinaphika, aliyense anamwa. Koma chimene chinawononga mlongo wanga sichikanafika pamanda pake ine ndili moyo.

Ine mowa sindinaulawepo, shuga ndimayezetsa, katemera wa hepatitis B ndinabayitsa. Wa hepatitis C kulibe, koma mankhwala alipo, sofosbuvir ndi daclatasvir, masabata 12, ndipo amachiza oposa 95 mwa 100. M'mene ndinawapezera kuchokera kuno ku Chinamwali, ndi amene anandithandiza ndalama, ndidzakuuzani m'gawo 10.