Lachitatu ku La Posa, kum'mwera kwa Quartzsite

Kwacha kukuzizira moti ndinazengereza kutuluka m'bulangete. Anthu akamva za chipululu cha Arizona amangoganiza za kutentha, koma usiku wa mu Januwale kuno chisanu chimalowa m'mafupa. Komabe sichifika pa cha ku Indiana chimene tathawa. Pofika 10 koloko juzi imakhala itavulidwa kale.

Tabwereranso ku La Posa South, malo a boma amene amayang'aniridwa ndi BLM, nthambi ya boma la America yoyang'anira malo. Ukagula chilolezo ungathe kukhala kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 15 Epulo. Kulinso malo aulere ngati Plomosa Road ndi Dome Rock, koma kumeneko masiku 14 akakwana uyenera kusamuka, ndipo mpopi kulibe. Ife timalipira chifukwa cha madzi basi.

Madziwo ndiwo anadya m'mawa wonse. Motorhome yathu, galimoto imene ndi nyumba yathu yomwe, ili ndi matanki atatu: la madzi abwino, la madzi otsukira mbale ndi osamba, ndi la kuchimbudzi. Loyamba likamatha, awiri enawo amakhala akudzaza, ndiye umapakira zonse, kumangirira makapu, kutseka makabati, n'kuyendetsa nyumba yonse kukaima pamzere. Mzere wa lero unali wautali ngati wa kuchigayo Loweruka. Abambo akunyumba anazimitsa injini n'kuyamba kucheza ndi mkulu wina wochokera ku Alberta za mabatire ndi masola. Amuna a kuno nkhani yawo ndi imeneyo, kuti dzuwa la dzulo lakupatsa magetsi ochuluka bwanji. Ine ndinangokhala m'katimo kusankha nyemba.

Pobwerera ndinawapempha kuti tidzere pamalo pathu pakale, pafupi ndi kamtsinje kouma pamene pali mtengo wa palo verde. Tapeza paima anthu ena. Mafuwa amene tinasanja mozungulira poyatsira moto akadalipo, ndipo eni atsopanowo awonjezerapo miyala yoyera. Zinandiwawa pang'ono. "Mayi, m'chipululu mulibe malo a munthu," anatero abambo, ine n'kuwayankha kuti, "Inde bambo, koma miyala ija ndinanyamula ndine." Tinakaima chapatali, pamalo okwera. M'mitsinje youmayi simugonedwa, chifukwa mvula ikagwa kumapiri madzi amatsika mwadzidzidzi ngakhale pamene uli pasanagwe dontho.

M'tauni sitinachedwemo. Mwezi uno Quartzsite imadzaza ndi amalonda a miyala ya mitundumitundu ku Tyson Wells, ndiponso chitenti chachikulu chogulitsiramo zipangizo za magalimoto ngati yathuyi. Tinadzazitsa gasi, n'kudutsa pamanda a Hi Jolly, amene dzina lake linali Hadji Ali. Anabwera mu 1856 kudzayendetsa ngamira zimene asilikali a America ankayesa kugwiritsa ntchito m'zipululuzi. Ntchitoyo inafera m'mazira, iye n'kutsalira konkuno mpaka kumwalira mu 1902. Pamanda pake anamangapo kapiramidi ka miyala, pamwamba n'kuikapo ngamira yachitsulo. Nthawi zonse ndimaimapo, mwina poti nayenso anali wobwera.

Chimene ndinadzukira lero ndi Palm Canyon, m'mapiri a Kofa. Motorhome tinaisiya, tinapita pa kagalimoto kamene timakoka kumbuyo, chifukwa ukapatuka pa Highway 95 msewu wake ndi wafumbi, wogwedeza mano. Derali linatetezedwa mu 1939 pofuna kusunga nkhosa zakutchire zanyanga zikuluzikulu. Lero sitinaone ngakhale imodzi. Kanjira kokwera n'kakafupi koma kamiyala, ndipo mawondo anga anandikumbutsa zaka zanga. Ukafika pachikwangwani umayang'ana m'mwamba, mumng'alu wa thanthwe, n'kuona migwalangwa itathithikana mmenemo. Imaoneka bwino chamasana dzuwa likalowa mumng'aluwo. Nthawi zina zonse imabisika mumthunzi, ndipo ndaonapo anthu akubwerera ali okhumudwa poti anafika madzulo. Mitengo imeneyi imafuna madzi, pamene phiri lonse ndi louma gwa, lodzaza zomera za m'chipululu monga saguaro ndi ocotillo waminga. Kamng'alu kameneko kamasunga chinyezi ndi mthunzi wokwanira, basi. Ndinakhala pamwala nthawi yaitali mpaka abambo anayamba kutsokomola mondikumbutsa kuti njala yawapweteka.

Madzulo ndaphika nsima ya ufa wotsala, ndiwo zake nyemba zija. Ufa wa masa umene uli mbwee m'masitolo a kuno sindiufuna pa nsima, umamveka laimu amene amaphikira chimanga chake. Woyera wamba ndikausaka mawa ku Yuma, ulendo wa makilomita pafupifupi 130. Kumeneko nyengo ino minda ya letesi imakhala yobiriwira ndi madzi a mtsinje wa Colorado, ndiye masamba savuta. Abambo akufuna tikaime ku Imperial Dam, kenaka awolokere ku Los Algodones, ku Mexico, kukaonetsa dzino limene lakhala likuwavuta kuyambira pa Khirisimasi. Ndawauza kuti pasipoti aike m'thumba usiku uno, osati mawa tili panjira.