Firmino amandidzutsa mbandakucha

Pakhomo pamene ndimagona, zanga zenizeni ndi zitatu: njinga, bokosi la masipanala ndi jezi ya Manchester United. Zina zonse ndi za eni mudzi. Ndine mkamwini ku Nchalo. Kwathu ndi kumtunda, ku Chiradzulu, ndipo ndinatsika phiri lija la ku Thabwa kudzafuna ganyu m'minda ya nzimbe. Ganyuyo inatha, koma ndinali nditapeza kale mkazi, ndiye ndinangokhazikika n'kuyamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa nimu, m'mbali mwa msewu wa M1. Ndanena zimenezi poyamba kuti mumvetse kuti nkhuku zimene ndikufuna kukambazi sizinali zanga ngakhale nthenga imodzi.

Nkhukuzo zinali 7. Mathadzi 6 anali a mayi akunyumba, ogula ndi ndalama za banki mkhonde. Yachisanu ndi chiwiri inali tambala wamkulu wofiira wa apongozi, amene ngakhale ana ankadziwa kuti sagendedwa.

Nyumba yoyang'anizana ndi yathu ndi ya alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba. Munthu wabwino, mlimi wa thonje, woweta abakha, koma amasapota Liverpool. Apongozi mpaka lero samvetsa kuti amuna awiri ovala malaya ofiira onse amakanganiranji.

Kumayambiriro kwa Marichi 2023 ine ndinkayenda ngati ndagula Nchalo yense. Pa 23 Febuluwale tinali titatulutsa Barcelona mu Europa League. Patangopita masiku atatu tinakwapula Newcastle 2-0 ku Wembley n'kutenga Carabao Cup, chikho chathu choyamba chichokereni 2017. Pamene anzathuwa, sabata yomweyo, Real Madrid inali itawathira 5-2 pakhomo pawo pomwe, atayamba ndi iwo kutsogola ndi zigoli ziwiri. Ndiye pansi pa nimu paja ntchito inkayenda pang'onopang'ono. Wakabaza akabweretsa njinga yophulika tayala, ankayamba wamva za Erik ten Hag asanaone zomatira.

"Kochi ndi ameneyu," ndinkatero. "Munthu woti anauza Ronaldo kuti khala pabenchi, Ronaldo n'kukadandaula pa kanema, iye osatekeseka mpaka Ronaldo ananyamuka. Ameneyu angaope Klopp, kochi wa Liverpool?"

Alamu ankabwera madzulo, n'kukhala pa chitsa, osafulumira. Amayankhula ngati akuwerenga ndalama za thonje.

"Alamu, timu yanu ili pamsika. Eni ake, a Glazer, alengeza okha kuti akufuna ogula. Denga la Old Trafford likudontha ngati khitchini ya mbeta. Kutsogolo mwaika Weghorst, munthu wobwereka ku Burnley ngati khasu. Maguire munamugula mapaundi 80 miliyoni kuti azifunditsa benchi."

"Nanga Nunez wanuyo? Ameneyo mutamuimika pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa n'kumuuza kuti amenye mpira ugwere mu Shire, ukagwera ku Dyeratu."

Anthu anaseka, ine n'kumva kukoma. Ndinawakumbutsa kuti mu Ogasiti tinawachinya 2-1, Sancho ndi Rashford. Ndinawakumbutsa kuti ligi ife tinatenga ka 20, iwo ka 19. Iwo anangokweza zala zisanu ndi chimodzi, kutanthauza zikho za ku Ulaya, ife tili ndi zitatu. Mfundo imeneyo sindimaikonda, ndiye ndinabwerera kwa Casemiro.

Tsiku la mpira wa Liverpool ndi United linali Lamulungu, pa 5 Marichi. Titaweruka ku tchalitchi tinakumana pa nimu pomwe paja, ndipo panali aphunzitsi ena opuma ntchito amene amasapota Arsenal. Iwowa analinso okhuta, chifukwa dzulo lake Reiss Nelson anali atawapulumutsa kwa Bournemouth mphindi yomaliza. Munthu wokhuta ndiye amakonda kuyambanitsa anzake.

"Zokangana pakamwazi zatikwana," anatero aphunzitsi. "Ikanipo kanthu."

Alamu anati, "Chigoli chilichonse chimene United imwetse, ndipereka bakha mmodzi."

Apa m'pamene ndikanakumbukira mawu a akulu aja, akuti linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ife a kuchigwa kuno mwambi umenewu timaudziwa ndi thupi lomwe. Koma m'maso mwanga munali abakha a alamu, onenepa, oyenda monyang'wa. Ndinaona Rashford akumwetsa ziwiri, ndinaona mpunga.

"Chigoli chilichonse cha Liverpool, nkhuku imodzi," ndinatero.

"Nkhuku zake ziti, alamu?"

"Za kunyumba kwanga."

Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kufunsa kuti nyumba yake iti, koma anangomwetulira. Aphunzitsi analemba zonse kuseri kwa katoni ya sopo, ife n'kusainira. Mumtima ndinkati zikavuta kwambiri ndi nkhuku imodzi, ndidzanena kuti yagwidwa ndi kabawi.

Mpira unayamba hafu pasiti sikisi madzulo. Amene sanaonerepo mpira mu vidiyo ya ku Nchalo mwezi wa Marichi sadziwa kutentha. Malata pamwamba, malata m'mbali, anthu oposa mabenchi, thukuta la mnzako likutsikira pa mkono wako, udzudzu nawo utalowa osalipira. Kunja jenereta ikulira. Jenereta imeneyo ili ndi mbiri yozima pa penate, ndipo tinaitukwanapo kambirimbiri.

Chigawo choyamba tinasewera ndithu, asakunamizeni. Bruno Fernandes anamenya ndi mutu mpira n'kudutsa pafupi ndi chitsulo. Casemiro anaugwedeza ukonde, ine ndinalumpha mpaka kugunda mutu ku denga ndikukuwa kuti "Bakha! Bakha!", kenako ndinaona mbendera ili m'mwamba. Ofusayidi. Ndinakhala pansi mwaulemu.

Pa mphindi 43, Robertson anapereka mpira kwa Gakpo, mnyamata amene miyezi yonse ija tinkamva kuti akubwera kwathu kuchokera ku PSV, mpaka Liverpool inatilanda m'manja. Anakhota kamodzi, goloboyi wathu De Gea n'kugwera kopanda mpira. Aphunzitsi anatulutsa katoni ija n'kulemba kamzere kamodzi.

Popuma ndinagula mafizesi awiri, imodzi n'kupatsa alamu, kusonyeza kuti ndine munthu wosatekeseka. Ndinali nditasankha kale yopereka: kameta uja wa khosi lopanda nthenga, amene mayi akunyumba amati ndi wosaoneka bwino.

Fizesiyo ndisanaimalize n'komwe, Nunez anamwetsa ndi mutu. Nunez yemwe uja wa ku Dyeratu. Patangopita mphindi zitatu Salah anamuzunguza Lisandro Martinez mpaka mwana wa eni anagwa chagada ngati waponda pa therere, Gakpo n'kuwonjezera. Mphindi 50, mizere itatu. Kumbuyo kwanga mnyamata wina anayamba kulira ngati thadzi lofuna kuikira, ndipo benchi yonse inamutsatira.

Kuyambira pamenepo mpira ndinasiya kuuona. Ndinkangoona khola. Salah atamenya chachinayi, mpira n'kugunda chitsulo cham'mwamba n'kulowa, ine ndinaona Mikolongwe wakuda uja akutuluka pakhomo. Nunez atabwerezanso ndi mutu, anapita wamawangamawanga amene ankafungatira mazira. Ndinayamba kuipempherera jenereta kuti ichite zimene imachita masiku onse. Inalira bwino tsiku limenelo ngati yangotuluka m'sitolo.

Pa mphindi 83 Salah anamwetsa chachisanu ndi chimodzi n'kuvula malaya. Akuti chinali chigoli chake cha 129 chomwetsera Liverpool mu Premier League, kuposa Robbie Fowler. Alamu anandifotokozera zimenezi modekha, ngati ndawafunsa. Ine ndinali pa masamu ena. Mathadzi 6, zigoli 6. Khola latha, koma latha ndendende. Ndinayamba kusapota oyimbira. Ndinkamuyang'ana pakamwa kuti aimbe wezulo, ndipo sindinayambe ndakondapo munthu ngati mmene ndinamukondera mphindi zimenezo.

Firmino anali atangolowa kumene kuchokera pabenchi. Munthu woti anali atanena kale kuti nyengo ikatha akuchoka, analibe chifukwa chilichonse chodzivutitsira. Mphindi 88, pakona yopanikizika, mpira unadutsa pakati pa miyendo ya De Gea.

Vidiyo yonse inaphulika. Aphunzitsi okha ndi amene anakhala chete, akuwerenga mizere ndi cholembera. Kenako anatsitsa magalasi.

"Pepani bambo, ine ndimadziwa kuti mayi ali ndi mathadzi 6. Yachisanu ndi chiwiriyi ichokera kuti?"

Alamu anayankha okha, motsitsa mawu: "Pakhomo paja patsala tambala wa amayi."

Kunyumba ndinadzera njira ya kuminda ya nzimbe, yotalika kawiri, ndikukankha njinga. Sizinathandize. Nkhani kuno imayenda mofulumira kuposa basi ya ku Nsanje. Ndinapeza mayi akunyumba atakhala pakhonde, nsima itavundikiridwa bwinobwino. Nditavundukula mbale ya ndiwo, munali mchere wokha.

"Ndiwo zili kuti, mayi?"

"Zapita ku Liverpool, bambo."

Sanakweze mawu. Anangolowa m'nyumba n'kukagona, ine n'kudya nsima yosinkha ndi udzudzu.

M'mawa mwake kunali bwalo pansi pa mtengo wa mango. Tsoka la mkamwini lili apa: munthu amene ndinabetcherana naye ndi yemwenso ali mwini mbumba wa akazi anga, ndiye wodandaula ndi woweruza anali munthu mmodzi. Apongozi anakhala pamphasa chapatali atandifulatira, monga mwa ulemu wathu, ndipo mawu awo ankadzera mwa mwana wanga wamkazi wa zaka 8, amene ankathamanga uku ndi uku ngati wonyamula mbendera.

"Agogo akuti, kodi pobwera kuno kuchokera ku Chiradzulu munabwera ndi nkhuku zingati?"

Ndinati sindinabwere nayo.

"Agogo akuti, nanga azungu amene amenya mpirawo akudziwa kuti kuno kuli tambala wawo?"

Funso limenelo ndinalisiya lidutse. Mayi akunyumba anatembenukira kwa alamu. "Inunso achimwene, mumati mukalandira nkhuku zanga muzidya ndi ndani? Ndikuphikireni ndine?"

Alamu anakanda m'mutu, ndipo ndinaona kuti nawonso madzi awafika m'khosi. Anakhosomola n'kunena kuti iwo si munthu wolanda mlongo wawo, kapena mayi wowabala. Nkhuku zikhale m'khola momwemo. Ndalama sakufuna. Ine ndizigula madeya mpaka chaka chithe, basi.

"Koma ngongole ndi ngongole, alamu. Ndingopempha kanthu kamodzi kakang'ono. Nkhukuzi ndizitche mayina ndine."

Ndinavomera msangamsanga, mpaka ndinawagwira chanza ndi manja awiri. Ndinkaona ngati ndapulumuka.

Kameta uja anakhala Gakpo Wamkulu, msoti woyera Gakpo Wamng'ono. Panakhala a Nunez awiri ndi a Salah awiri. Tambala wa apongozi, mwadziwa kale.

Zikanakhala bwino akanazitenga n'kukadya. Nkhuku yodyedwa imaiwalika. Izi zimayendayenda pabwalo tsiku lonse, ndipo mudzi wonse unawagwira mayinawo tsiku limodzi. "Ababa, Salah walowa m'khitchini!" "Bambo, tathamangitsani Gakpo, akutha mapira pamphasapo." Amayi a mpingo akabwera kudzacheza amafunsa ngati Nunez wayamba kuikira. Ndipo ndikagula madeya kuchigayo, wakuchigayo amafunsa kuti, "A timu yonse, kapena a osewera kutsogolo okha?" Chondipepesa chimodzi chokha n'chakuti Nunez Wamng'ono saikira m'chisa. Dzira lake timakalitola kuseri kwa bafa, tsiku lina pansi pa ngolo. Ameneyo dzina linamuyenera.

Loweruka lotsatira Liverpool inagonja 1-0 kwa Bournemouth, Salah n'kuphonya penate. Ndinathamangira kunyumba kukanena. Mayi akunyumba anati, "Ndiye mukawauze a Bournemouth akugawireni nkhuku." Kumapeto a sabata omwewo ndi pamene inayamba mvula ya Freddy, ndipo za masiku amenewo sindiseka, anthu kuno anataya zambiri. Ndingonena kuti titabwerera pakhomo madzi ataphwera, khola litapita, abakha a alamu atabalalika, tinapeza nkhuku zonse 7 zili mumtengo wa mango, Firmino ali pa nthambi ya pamwamba penipeni.

Ligi itatha ife tinali pa nambala 3, iwo pa nambala 5, kunja kwa Champions League. Ndinajambula tebulo lonse pa katoni n'kukhoma pa mtengo wa nimu. Palibe analiwerenga. Kenako ndinamva kuti Firmino weniweni wachoka, wapita ku Al-Ahli ya ku Saudi Arabia, ndipo ndinaona mpata. Ndinatuma mwana kwa apongozi kuti, poti mwini dzina wapita, bwanji tambalayu timuone ndi mpunga, ine ndigula wina wamkulu kuposa ameneyu.

Mwana anapita. Ndinamuona akudutsa kaye kwa amalume ake, zomwe sindinamutume. Anabwerako akudumphadumpha.

"Agogo akuti wa kunoyu kontirakiti yake sinathe."

Khola latsopano analimanga ndi alamu, ndipo pabwalo lonse lija anasankha kuseri kwa windo la kuchipinda kwanga. Tambalayo amayamba folo koloko. Ndinayesapo kuwerenga kuti amalira kangati, koma atafika kasanu ndi kamodzi ndinadziphimba kumutu ndi chitenje.